Mapiko a pa Injini ya Silas

Panali munthu wina wa m'boma la Rufunsa, dzina lake Silas, amene boti lake linagudubuzika pa mtsinje wa Lunsemfwa mu Januwale chaka chatha. Palibe amene anafa. Ena pofotokoza nkhaniyi amawonjezeramo ng'ona ndi ufiti, koma zimene zinachitika ndi izi.

Silas ankawolotsa anthu ndi katundu pa boti la injini. Pamtsinje womwewo panalinso boti la Dennis, ndipo wofika msanga padoko ndiye ankatenga anthu. Boti la Silas likadzaza, iye akawonjezera moto, mphuno yake inkadzuka m'mwamba, kumbuyo kukumira, botilo n'kumakwawa ngati likulima madzi. Pofuna kutsitsa mphunoyo, Silas ankaika matumba ndi anthu olemera thupi kutsogolo. Anthu anazolowera. Ba Regina, mayi wamkulu thupi wogulitsa nsomba zouma, ankapita okha kutsogoloko osauzidwa.

Makanika wina wa ku Luangwa Bridge, ba Yoram, anamumangira mapiko awiri apulasitiki pa mwendo wa injini, pamwamba pa pulopela. Mapiko otere amanyamula kumbuyo kwa boti kuti liyambe msanga kutsetsereka pamwamba pa madzi.

"Mumvetsetse, ba Silas," anatero ba Yoram. "Izi sizowonjezera liwiro. Boti lizinyamuka msanga, mafuta azikhalitsa, basi. Manje mphuno izitsika yokha, ndiye katundu muziika pakati. Ba Regina abwerere kumbuyo."

"Simuwadziwa ba Regina inu. Malo aja amawateteza kuposa benchi yawo ya kutchalitchi."

"Muwauze kuti ndakamba ndine. Ndipo pakona muzichepetsa moto."

Mapikowo anagwira ntchito monga ananenera makanika. Boti linkanyamuka bwino ndipo mafuta ankakhalitsa. Koma pamalo owongoka Dennis ankamudutsabe.

"Ndamva munagula mapiko, mulamu," anakuwa Dennis tsiku lina pomudutsa. "Muuluka liti?"

Anthu a m'maboti onse awiri anaseka. Silas anaganiza mumtima kuti ngati timapiko tating'ono tathandiza chonchi, aakulu adzachita zoposa. Anapita kwa wowotcherera zitsulo pamsika wa Rufunsa, namuuza kuti amudulire mapiko achitsulo aakulu kuposa oyamba aja, opindikira pansi cha kumbuyo.

"Ine ndimapanga mageti ndi mbaula, bwana," anatero wowotchererayo. "Za pamadzi sindizidziwa."

"Dulani chabe. Za pamadzi ndidziwa ndine."

Tsiku limene anayesa mapiko atsopanowo mtsinje unali wodzaza. Alimi anabwera ndi matumba a feteleza wobereketsa, chifukwa chimanga chinali chitafika m'mawondo. Silas anaunjika matumbawo kutsogolo monga ankachitira kuyambira kale, ba Regina n'kukhala pamwamba pake. Anaganiza zowauza kuti asunthe, koma anaona Dennis akunyamuka, ndiye anangoliza injini.

Boti linanyamuka nthawi yomweyo. Mphuno yake inali pansi kwambiri, ikung'amba madzi m'malo motsetsereka pamwamba.

"Lero madzi akundithira kumaso, ba Silas," anatero ba Regina.

"Ndiye liwirolo, amayi. Gwiritsani."

Sikunali liwiro. Mapiko ankakankhira kumbuyo m'mwamba, katundu akukanikiza kutsogolo, ndipo Dennis ankapitirira kutalikira. Atafika pamene mtsinje umakhota, Silas sanachepetse moto. Anakhotetsa injini pang'ono chabe, koma mphuno inazikika m'madzi, kumbuyo kunatayikira kumbali, ndipo boti linazungulira lokha n'kugudubuzika.

Dennis anamva kukuwa nabwerera. Iye ndi anthu ake anavuula onse. Ba Regina anathyoka dzanja ndipo anagonekedwa ku chipatala cha Mpanshya. Feteleza anasungunukira mumtsinje, minda ya eni ake n'kukhala yachikasu chaka chimenecho. Injini sinapezeke. Botilo analipeza kumunsi litang'ambika pamiyala.

Ba Yoram atamva, anangofunsa funso limodzi: "Katundu anali kuti?"

Lero Silas amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Chinyunyu. Pa Lunsemfwa pamalo paja patsala boti limodzi, ndipo likadzaza, otsala amadikira ulendo wachiwiri.

Phunziro: Chipangizo chilichonse chili ndi ntchito yake ndi malire ake. Kuchikulitsa sikuwonjezera ubwino wake, ndipo mukasintha chinthu chimodzi pa makina, zizolowezi zakale ziyenera kusinthanso. Mverani amene wakumangirani chipangizocho. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene amanyamula anthu, kaya ndi pamadzi kapena pamsewu.