Makiyi a Galimoto ya Malemu

Nyale yachikasu ya injini inali itayaka masiku anayi pamene Mayi Rinten analanda makiyi. Analanda pagulu, m'galaja ya Bambo Lanus ku Kintamani, madalaivala atatu akumwa khofi pa benchi.

Nengah, mkamwini wawo, anangopereka. Anaima pambali pa tayala, maso pansi.

Galimotoyo inali yakale, yokoka ndi mawilo onse anayi, yonyamula alendo okaona miyala yakuda ya phiri la Batur. Anaisiya malemu amuna awo a Mayi Rinten, ndipo pakhomopo ankadya chifukwa cha iyo. Tsopano inkalavula utsi wakuda, petulo ikumwa ngati yabooka.

"Bambo Lanus, muione bwino," anatero mayiwo. "Zaka khumi ndi zisanu amuna anga akuiyendetsa, nyale imeneyi sinayakepo. Awa angoigwira chaka chimodzi. Amathamanga m'miyala ngati akupirikitsidwa ndi galu. Mukapeza kuti vuto ndi iwowa, makiyi ndipereka kwa mwana wa mchimwene wanga. Abwerere kumunda wa anyezi."

"Nengah, khasu ukadakumbukira kagwiridwe kake?" anafunsa dalaivala wina pa benchi paja. Anzake anaseka mpaka khofi kutayika.

Kwathu kuno mwamuna wokhala kwa mkazi salankhula mokweza, makamaka apongozi ali pomwepo. Makutu a Nengah okha ndi amene anafiira.

Bambo Lanus, makaniko wokalamba wa mano awiri kutsogolo, analibe makina oyezera. Anadula kawaya kakafupi, n'kukapinda, n'kugwada pansi pa chiwongolero. Nsonga ziwiri za kawayako anazilowetsa m'timabowo ta pulagi yobisika mmenemo.

"Galimoto zakalezi zimanena zokha pamene zikumva kuwawa," anatero. "Bola uziwerenga. Mayi, ndibwerekeni kiyi. Musaope, sindipereka kwa wina."

Anatembenuza kiyi koma osaliza injini. Nyale ija inayamba kuphethira. Kamodzi. Inapuma. Kenako kanayi motsatizana. Inapumanso, n'kubwereza chimodzimodzi.

"Wani ndi folo. Folotini." Bambo Lanus anayang'ana pepala la matanthauzo a manambala, lothimbirira ndi oyilo, lomwe linamatidwa pakhoma. "Kachipangizo koyeza kutentha kwa injini kasiya kulankhula."

"Mwamva!" Mayi Rinten anatembenukira ku benchi kuti aliyense amve. "Kutentha! Awotcha injini ya amuna anga!"

"Dikirani kaye, mayi. Nambala yangondilozera khomo, m'nyumbamo sindinalowe."

Anatsegula boneti. Anapeza kachipangizoko, n'kutsata waya wake ndi chala, pang'onopang'ono, mpaka dzanja linalowa kuseri kwa batire. Anatulutsa nsonga ya waya yoduka, yophwephwetuka ngati nzimbe yotafunidwa. Anaiyang'ana, n'kubwezanso dzanja.

Ulendo uno linatuluka ndi mtolo. Timbale ta nsembe tolukidwa ndi masamba a kokonati, maluwa ouma, mpunga, zinyenyeswa za mabisiketi. Anapisanso, kutuluka wina. Pakati pake panali tiana tiwiri ta khoswe, topanda ubweya.

"Ee! Muli banja lonse muno! Amakwera phiri tsiku lililonse mwaulere awa," anatero Bambo Lanus.

Madalaivala anadzuka kudzasuzumira. Bambo Lanus anapukuta manja pa thalauza, akupukusa mutu.

"Tonsefe timaiikira nsembe galimoto. Koma timaika pamwamba pa boneti, kapena patsogolo pa chiwongolero, mawa lake n'kuchotsa. Wanzeru ameneyu ndani, wodyetsa mizimu kuseri kwa batire? Muluwu si wa sabata imodzi. Khoswe wapeza mpunga, wapeza pofunda, waya wangotsukira mkamwa."



"Ndine, bambo," anatero Nengah. "Ndimaopa ngozi."

Chiseko chinaphulika.

"Dalaivala wa makoswe!"

"Nengah, ukamapita kumunda uwatenge ana akowa!"

Dzina lopatsidwa m'galaja silifa. Aliyense anadziwa kuti pofika Loweruka, phiri lonse likhala likumuitana choncho, ngakhale pamaso pa alendo. Nengah anatola mtolo uja ndi manja ake, n'kukautaya kuseri, iwo akumuwombera m'manja.

Bambo Lanus analumikiza waya, n'kukulunga ndi tepi yakuda. Anachotsa chingwe cha batire kanthawi kuti galimoto iiwale nambala ija, n'kubwezera. Atailiza, nyale inayaka pang'ono, n'kuzima. Utsi unayera.

"Yachira. Koma mwamva nokha, mayi, mwini mlandu wavomera. Makiyi ndi awa, mupatse amene mukufuna."

Mayi Rinten sanaseke, sanakalipe. Analandira ndi manja awiri. Anayenda mpaka pamene panaima Nengah, n'kumuikira m'dzanja, nkhope atayang'ana kumbali.

"Tiyeni kunyumba, bambo," anatero, mawu ali pansipansi.

A pa benchi anayang'anizana. Mmodzi anati mayi ameneyu wakalamba, mtima wafewa.

Mtima sunafewe ayi, anali manyazi. Chimwalirire amuna awo, m'mawa uliwonse mayiwo ankatsegula boneti poganiza kuti palibe akuona, n'kuwaikira malemuwo mpunga pamalo pamene ankakonda kutsamira akamayang'ana oyilo. Nengah ankapeza nsembezo tsiku ndi tsiku, ndipo sanayerekeze kuchotsapo ngakhale imodzi.