Bambo Akhala pa Ampu

Oimba anzake atatuluka m'tchalitchi, Claudia anakoka bambo ake pamkono n'kuwalozera pamwamba pa ampu, bokosi lokuzira mawu a gitala, kuti akhale.

Bambo akewo, a Inocencio, anagontha pa nkhondo ya ku Mozambiki. Chiyambire mwana wawo kuimba gitala ya besi ku Chonde kuno, ankangoona zala zikuyenda.

Atakhala, Claudia anatsitsa mawu opyapyala, n'kupotokola kabatani ka besi mpaka kumapeto. Kenaka anakhudza nsambo yaikulu.

Bambowo anadzidzimuka ndi kunjenjemera kwa ampu m'thupi mwawo, n'kugwira bokosilo ndi manja onse. Posakhalitsa chidendene chawo chinayamba kugunda pasimenti, ndipo anaseka mpaka misozi.

"Ukuthamanga, mwanawe," anatero mokweza, osadziwa kuti akukuwa. "Yambiranso, koma pang'onopang'ono."