Mtsamiro wa Gulo

Padangokhala, kumapiri kozizira, Mbira ndi Gulo ankakangana chifukwa cha duwa lina lomera m'ming'alu ya miyala. Masamba ake anali aubweya, ofewa, ndipo moto ukapita linkaphukanso chaka ndi chaka.

Mbira ankayalira ana ake masambawo, motero ankati ndi Chofunda cha Mbira. Gulo ankatsamirapo masana, nkumati ndi Mtsamiro wa Gulo.

Njuchi, amene ankadziwa duwa lililonse, adati, "Wotcha mwana dzina sabwera chimanjamanja. Amene abweretsere duwali mphatso mawa, dzina ndi lake."

Mbira adaseka chamumtima. Kuphanga kwake kunali manyowa mulu, pomwe Gulo analibe kanthu. Mbira adawamanga bwinobwino m'tsamba la nthochi.

Kutacha, kadzuwa kadakoma pathanthwe. Mbira adayang'ana chitunda chopita kumene kunali duwalo, nayang'ananso phukusi lija. Adaona Gulo akudutsa manja ali lende.

"Alamu, poti mukupita komweko, tanditengeraniko aka. Ndikupezani."

Gulo adagwedeza mutu, monga achitira nthawi zonse, nasenza.

Mbira adafika dzuwa lili paliwombo, manyowa atathiridwa kale paduwalo.

"Anali angatu amenewo," adatero.

"Ine ndaona amene watula," adayankha Njuchi. "Nditamufunsa ngati ndi ake, wagwedeza mutu."

Dzina lidakhala la Gulo. Mbira akuthyolabe masambawo mpaka lero, koma ana akamufunsa dzina la duwalo, amangoti, "Gonani."

Idathera pomwepo.