Mphete M'bokosi la Mankhwala

Boti linali chimangidwire padoko, koma mtima wa mnyamata wometa tsitsi unali utafika kale pakati pa madzi. Kumeneko akazimitsa injini, mphepo ikaseweretsa tsitsi la chibwenzi chake, iye akagwada, ndipo mtsikanayo akamwetulira mpaka kampata kake ka pamano kakaonekera. Mphete anali ataibisa m'bokosi la mankhwala, pansi pa bandeji.

Chotsala chinali chilolezo cha mkulu woyendera maboti, bambo wamimba yake, woyenda ngati dzuwa ndi lake.

Mtsikanayo atangomuona, anatsitsa chipewa mpaka pamphuno n'kuyamba kuwerenga matabwa a pansi pa boti. Manyazi a chikondi, wometa anaganiza.

"Majekete oyandamitsa?"

"Awiri, bwana."

"Nkhafi zopalasira injini ikakana? Chidebe chokapira madzi? Tochi?"

"Zonse izo, bwana."

Mkuluyo anakoka chingwe cha nangula mkono ndi mkono mpaka kumapeto. Anagwedeza chozimira moto pafupi ndi khutu. Anaimba wenzulo, mpweya wina ukuthawira pampata wa mano ake, n'kuima kumvetsera ngati nsomba ziyankha.

Wometa anapsa mtima.

"Bwana, sitikuwoloka nyanja ayi. Ndikungozungulitsa akazi angawa."

Mawuwo anatuluka okha, ndipo anamutsekemera m'kamwa.

"Akazi anu."

"Eya."

"Ukwati wa liti?"

"Wakale ndithu."

"Amatha kusambira?"

"Ngati nsomba."

Mkuluyo anatsikira m'boti, namanga malamba a jekete ya mtsikanayo limodzilimodzi, n'kuikoka m'mapewa kuti aone ngati ingavuke. Jekete ya wometa sanaiyang'ane n'komwe.

Madala awa, maso pa akazi a eni, wometa anatero mumtima.

"Achikulire, manjawo pang'onopang'ono. Ameneyo ali ndi mwini wake."

"Chabwino. Nanga apongozi anu akudziwa kuti mwana wawo ali pamadzi?"

"Aaa, nkhalamba imeneyo timaizemba. Akuti imafunsa mafunso ngakhale kwa nkhuku. Inu ndi iyo mukhoza kugwirizana."

Mtsikanayo anatsokomola. Chipewa chinafika pachibwano.

Pomaliza mkuluyo anatsegula bokosi la mankhwala. Thonje, sizasi, bandeji. Anatukula bandejiyo, mphete inang'anima. Anaiyang'anitsa padzuwa.

"Iyi imachiritsa chiyani?"

Wometa anangoti maso pamphetepo. Maloto onse aja, kugwada, mphepo, zonse zinali pakati pa zala za munthu wonunkha dizilo.

"Zofunika zonse zilipo," anatero mkuluyo. "Malamulo a pamadzi mwakwaniritsa."

Kenako anaponya mphete ija m'thumba la malaya ake n'kumanga batani.

"Bwana, kumeneko ndi kuba! Masana dzuwa likuswa mtengo! Ndikakunenezani kwa akuluakulu anu!"

"Mudzaitengere kunyumba kwa nkhalamba ija. Mafunso alipo ambiri." Anatembenukira kwa mtsikanayo. "Iwe nsomba, amako akuti uli ku laibulale."

Pansi pa chipewa panatuluka kamawu kakang'ono.

"Pepani, adadi."