Nungu ndi Basela

Padangokhalatu Nungu, amene adamanga chinyumba cha masitolo kunja kwa tauni. Nyama zinkakhamukirako, mpaka kumsika wakale kudatsala Gologolo yekha ndi mtedza wake.

Koma Nungu adaletsa basela. Wina akangopempha, iye ankaimika minga. Ogula adayamba kuchepa, masitolo n'kumatsekedwa.

Tsiku lina kudabwera Njovu yekha. Nungu adadziwa kuti ameneyu akapita osabweranso, kwatha.

"Achimwene, nanga kabasela?" adafunsa Njovu atagula thumba la mtedza.

Nungu adatapa pang'ono kuti awonjezere. Koma minga, pozolowera, idaima yokha.

"Pepani, musandilase chifukwa cha mtedza," adatero Njovu, nabweza thumbalo n'kulunjika kwa Gologolo.

Mpaka lero m'masitolomo mumagona mileme.