Yobiriwira Itatha

Krayoni yobiriwira yomaliza inathera m'zala za Evelina phiri lisanafike n'pakati pomwe.

Chisamukireni boma kuchoka ku Zomba, kagulu kawo kojambula zithunzi kankakumana Loweruka pakhonde la a Paxton ku Eliya 12, kulikulu latsopano, ndipo aliyense ankangojambula phiri lomwe analisiyalo. M'bokosi la makrayoni amafuta, ofiira anali asanakhudzidwe.

Evelina anakweza maso. Uko ankamanga maofesi, fumbi linangoti koboo! Anatola yofiira, napaka, nasisita ndi chala mpaka pepala lonse linachita katondo.

"Mayi, Zomba wake uti ameneyo?" anafunsa a Paxton.

"Si Zomba, bambo. Ndi kwathu kuno."

A Paxton anayang'anitsitsa pepalalo, kenaka anatambasula dzanja.

"Mukathana nayo yofiirayo mundibwerekeko."