Siliva wa ku Joni

Yakobo anatula kathumba kake pamphasa, kanagunda pansi kuti di! Onse amene anali pakhonde la a Pilato ku Likhubula anasolola makosi.

Anabwera kudzaonekera. Ankafuna kukwatira Enifa, ndipo mawu omaliza anali ndi a Pilato, malume ake a mtsikanayo. Vuto linali lakuti zaka zake zitatu za ku Joni zinathera m'mowa ndi m'zipewa. Wobwera chimanjamanja chonchi akanangomuonetsa njira yobwerera kwawo.

Anamasula chingwe mosathamanga. Munatuluka chigulumwa chotuwa, chothwanima timaso tambirimbiri.

"Siliva," anatero Yakobo, nkhope ili gwa.

Siliva wake uti! Ku Joniko mkuluyu ankagwira ntchito kumene amaviika malata m'chimphika cha zinki yosungunuka kuti asamachite dzimbiri. Malata akamalowa ndi kutuluka, chitsulo china chimadyeka, n'kusakanikirana ndi zinki, n'kumira pansi poti chalemera. Nsenga basi, ngati za mowa. Zikachuluka zimameretsa ziphuphu pamalata, ndiye kapitawo ankatuma Yakobo kukazivuula ndi chipande chachitsulo choboolaboola. Zikazizira zimakongoladi, koma ungozimenya, zimangoti phwaa ngati phale.

A Emma, akazi awo a a Pilato, anachiyang'ana chinthucho nthawi yaitali, milomo atapinda.

"Ine amisiri a ku mishoni anandiuza dzana kuti siliva weniweni ukamumenya amangophwatalala, sasweka," anatero. "Enifa, katenge nyundo."

Mayo ine, Yakobo! Thukuta linatsika mpaka m'mawondo. Enifa anabwera nayo nyundoyo akumwetulira, wosakayika ngakhale pang'ono, ndipo kumwetulirako n'kumene kunamupweteka kwambiri Yakobo. Anachita manyazi, anachitanso mantha.

"Nyundo ya chiyani?" a Pilato anadzuma. "Mukufuna mlendo akafalitse kuti pano timalonjera anthu ndi nyundo? Patseni kuno, ine ku Joni ndinafikako."

Anachinyamula chigulumwacho, n'kuchiponderera m'manja. Anachinunkhiza. Anachilozetsa kudzuwa atatsinzina diso limodzi. Pomaliza anachinyambita, abale, ngati mchere, n'kukhala duu akumvetsera lilime lawo.

"Siliva uyu," anagamula. "Wamwamuna weniweni, wa pansi penipeni."

"Kungogogoda pang'ono chabe," a Emma anaumirira.

"Mayi, ndanena. Bwezani nyundo ija, musatichititse manyazi."

Nkhani inathera pomwepo. A Pilato anamulozera Yakobo malo omangapo nyumba kuseri kwa nthochi, n'kumuuza tsiku lobwera ndi ankhoswe ake. Enifa anathawira kuseri akululutira chapansipansi.

Yakobo mtima unakhala m'malo, kenaka unayamba kudzikuza. Nkhalamba yonyambita nsenga n'kumati siliva! Ku Joni kwakeko iyenera kuti inkangosesa pakhomo la mzungu. Ngati mwini mbumba ndi ameneyu, ukamwini wa pano ukhala wogona masana.

A Pilato ananyamuka kuti amuperekeze. Atafika pankhokwe ya kumapeto kwa bwalo anaima, n'kucheuka kuona ngati a Emma alowa m'nyumba. Kenaka anamugwira Yakobo pamkono mwamphamvu.

"Mkamwini," ananong'ona, "chipande choboola chija, chogwirira chake anakonza, kapena chikuwotchabe manja?"

Yakobo asanayankhe, a Pilato anapitiriza.

"Chigulumwa changa chili pansi pa dengu la a Emma, chaka chachisanu ndi chitatu tsopano, ndipo amandipatsa nacho ulemu. Chanucho chikanasweka, nyundo ija ikanalowa m'nyumba kukayesanso changa. Kachikwirireni pakuya, mwamva?"